Lumbiro la Bwana Tolliver

Kalekale ndithu, kutsidya kwa nyanja yamchere, m'dziko la Amereka, munali Bwana Ambrose Tolliver, mwini munda wa fodya. Munali Bwana Lemuel Craddock, woweruza milandu. Munalinso Kafi, kapolo wa a Tolliver. Iyeyu sankatchedwa bwana.

Masiku amenewo anthu a ku Amereka anatopa ndi mfumu ya ku Mangalande. Iwo anati, "Tidzilamulira tokha." Mfumu inati, "Tiona." Nkhondo inabuka.

Lamulo linatuluka. Mwamuna amene maere amugwera apite kunkhondo. Ngati safuna, atumize wina m'malo mwake. Koma wotumidwayo akhale mfulu, pakuti kapolo saloledwa kugwira mfuti.

Maere anagwera a Tolliver. A Tolliver ankaukonda ufulu kwambiri. Zipolopolo ndi zimene sankazikonda.

Anaitana Kafi. "Iwe, mawa ukhala mfulu."

"Mpaka liti, bwana?"

"Mafunso achuluka. Kasambe."

M'mawa anapita kwa mkulu wa asilikali. Mkuluyo anafunsa, "Munthu uyu ndi mfulu?"

A Tolliver anaika dzanja pa Baibulo. "Mfulu weniweni. Ndalumbira."

Kafi anapita. Anayenda m'matope. Anayenda m'chisanu. Nsapato zinatha, iye nkumayendabe. Chipolopolo chinamudula khutu, iye nkumayendabe. A Tolliver anali pakhonde pawo, akuuza alendo kuti, "Nkhondoyi tikuimenya bwino."

Nkhondo inatha. Mfumu inagonja. Mabelu analira m'matchalitchi monse. Kafi anabwerera kumunda kuja, chifukwa mkazi wake Suki anali komweko, akupalira fodya.

A Tolliver anamuchingamira pachipata, khasu lili m'manja.

"Wafika nthawi yabwino. Udzu wakula."

"Munalumbira kuti ndine mfulu, bwana."

"Zija zinali za nkhondo. Nkhondo yatha."

Kafi analiyang'ana khasulo. Sanalilandire. Anatembenuka, ulendo wa kukhoti.

Tsiku la mlandu, a Craddock anafunsa, "A Tolliver, munalumbira?"

"Ndinalumbira. Kunali kuthandiza dziko."

"Ndiye munanama?"

"Kunama ayi. Ndine munthu wopemphera."

"Ndiye munanena zoona?"

"Zoona kwenikweni ayi."

A Craddock anavula magalasi. "Pakati pa bodza ndi choonadi palibe mpando woti mukhalepo. Ngati munanama, ndiye kuti simunatumize msilikali. Munathawa nkhondo, munanamizanso Baibulo. Ndende ili kuseriku. Ngati munanena zoona, munthuyu ndi mfulu, ndipo khasu mugwira nokha. Sankhani."

A Tolliver anayang'ana Kafi. Anayang'ana chitseko cha ndende. Anayang'ananso chitseko cha ndende.

"Ndakumbukira tsopano. Ndinanena zoona."

"Mwachita bwino kukumbukira. Kafi, ndiwe mfulu. Mlandu wotsatira."

Kafi sanasunthe. "Bwana woweruza, nanga mkazi wanga?"

"Anapita kunkhondo?"

"Ayi, bwana. Ankalima fodya wodyetsa amene sanapite."

"Alipo amene analumbira za iye?"

"Palibe."

"Ndiye umenewo si mlandu wa lero."

Tsopano tcherani khutu, pakuti sindibwereza. Munthu akalumbira, mawu ake amamumanga, afune asafune. Chimenecho ndi choyamba. Chachiwiri ndi ichi: mlandu woweruza theka suola, umangokula. Dziko lija linati anthu onse amabadwa ofanana, kenaka nkunena kuti za akapolo si mlandu wa lero. Mawa linafika, anati si wa lero. Ana awo anakula, anati si wa lero. Potsiriza zidzukulu zawo, akumpoto ndi akumwera, anauweruza ndi mfuti, abale okhaokha, ndipo manda anachepa.

Koma tsiku limenelo chiweruzo chinali chotere: Kafi mfulu, Suki kapolo.

A Tolliver anachivomera, poopa ndende. A Craddock anachivomera, popeza chinali chawo. Anthu a m'khoti anachivomera, pakuti nthawi ya chakudya inali itakwana.

Kafi atafunsidwa ngati wavomera, anangotuluka, nakamanga kanyumba kunja kwa mpanda wa a Tolliver, pamalo poti Suki akaweramuka m'munda azimuona.

Nthano yanga yafika pamenepo, ndipo yatha.