Chotsala Pansi pa Beseni

Panali munthu wina, kalipentala, amene anakwatira kumudzi wa m'munsi mwa phiri n'kukhala komweko pachikamwini. Nyumba anamanga ndi manja ake, koma malo anali a kuchikazi. Munda umene ankalima unali wa apongozi ake. Mitengo ya mango imene anabzala ankadziwa kuti akadzachoka idzatsala. Sankadandaula, pakuti amalume ake nawonso anakhala moyo womwewo kwa eni ake.

Kuseri kwa nyumba yake kunkadutsa kamtsinje. Kanali kakang'ono, koti mbuzi inkakalumpha m'chilimwe, koma sikankaphwa.

Ali mnyamata, munthuyu anakagwirako ntchito kudziko loyandikana ndi lathu, kumene anaona anthu akutsuka mchenga m'mabeseni pofuna golide. Loweruka lina, atatopa ndi fumbi la matabwa, anatenga beseni lakale la mkazi wake n'kutsetserekera kukamtsinje kaja. Anakumba mchenga wa kuseri kwa mwala, nauthira m'beseni, n'kuyamba kuuzunguza m'madzi. Matope anapita. Mchenga woyera unapita. Pansi panatsala mchenga wakuda, ndipo m'menemo munali tinthu tachikasu tating'ono ngati maso a nyerere. Madzi ankadutsa pamwamba pake koma ito osasuntha.

Anatitola ndi nsonga ya nthenga n'kutiika m'kabotolo ka mankhwala kamene kanali katatha. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ankapezeka kumadzi. Sankagulitsa, ndipo kunena zoona kunalibe choti n'kugulitsa. Mkazi wake ankati golide yenseyo atakhala mchere sangakolere ngakhale ndiwo za munthu mmodzi. Iye chimene ankakonda ndi madzi ozizira m'miyendo, ndi kukhala pamalo poti palibe womuitana kuti akakonze chitseko. Panalinso china chimene sankachitchula. Chilichonse m'mudzimo chinali ndi mwini wake iye asanabwere. Tinthu tachikasuto ndito tokha timene anatipeza yekha.

Cha kumunsi pang'ono, pamene kamtsinje kankakhota, panali dimba la mlamu wake, mkulu wa mkazi wakeyo. Mayiyu anali wamasiye. M'dimbamo ankalima mpiru, tomato ndi chimanga cha mondokwa, ndipo ana ake ankadya, kuvala ndi kupita kusukulu chifukwa cha dimbalo. Linakhala pamwamba pa gombe lofika m'chifuwa, logwiridwa ndi mizu ya mtengo wa katope ndi nsenjere zimene anabzala mayi awo. Gombe likanagumuka, dimba likanapita ndi madzi.

Awiriwa ankaserewulana monga achitira alamu.

"Alamu, lero mwagwira nsomba zingati m'beseni lanulo?" ankafuula mayiyo ali ndi keni yothirira m'manja.

"Nsomba zanga sizinunkha, alamu."

"Sizinunkha, koma sizidyedwanso. Amuna anzanu ali kumpira, inu muli pano kutsuka mchenga ngati mbale."

"Ukadzayera mudzandithokoza. Mudzatunga madzi pa mtsinje wochapidwa."

Koma pansi pa nthabwalazo mayiyo anali ndi mantha, ndipo sanali mantha opanda mutu. Popita kumaliro kuseri kwa phiri anadutsa pa mtsinje wina umene anthu anapezako golide. Anaona maenje okhaokha pamene kale panali madimba. Madzi anali ofiira, oti ngakhale ng'ombe inkangowanunkhiza n'kubwerera. Amayi a kumeneko anamuuza kuti zonsezo zinayamba ndi munthu mmodzi ndi beseni limodzi.

Tsiku lina anatsika m'dimba n'kukaima pafupi ndi mlamu wake. "Tigawane," anatero. "Chimene madzi abweretsa n'chanu, tsukani mpaka mutope. Chimene mizu yagwira musachikhudze."

"Palibe chovuta," anayankha kalipentalayo.

Mayiyo akanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma anawonjezera akuseka kuti, "Paja mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mukadzaterereka inu, ife tidzatsala ndi maenje." Mwamunayo anaseka nawo. Mawuwo sanawaiwale.

Pangano lija analisunga. Dzinja linadutsa, chilimwe chinabwera, iye akungotsuka mchenga wa pakati pa madzi. Koma munthu amene amachita chinthu chimodzi kawirikawiri amayamba kuona zimene ena saona. Anaona kuti akamatsuka kumtunda tinthu tija tinkasowa, ndipo akamayandikira pokhota paja tinkachuluka. Anayamba kuganiza za kumene tinkachokera.

Dzuwa litafika potentha, mvula ili pafupi, madzi anatsika kuposa zaka zonse. Pansi pa mizu ya katope panaonekera kamphako kamene madzi anakumba okha, kodzaza ndi timiyala totuwa. Kalipentalayo anaima n'kumakayang'ana. Kodi timiyalato tinabwera ndi madzi, kapena tinagwiridwa ndi mizu? Anadziuza kuti tinabwera ndi madzi. Mumtima ankadziwa kuti anayankha motero chifukwa ndi yankho limene ankalifuna. Analowetsa manja, osati khasu, n'kudzaza beseni limodzi.

Asanamalize n'komwe kutsuka, anaona kanthu kachikasu kakakulu ngati njere ya mpunga, ndi tina tambiri ngati chitowe. M'kabotolo kake konse munalibe zofanana ndi zimenezo. Tsopano anadziwa kuti golide wa kamtsinjeko anagona pansi pa dimba la mlamu wake.

Panalibe amene anamuona. Akanatha kukhala chete n'kumabwera Loweruka lililonse, beseni limodzi lero, lina sabata yamawa, mpaka mvula itadzaulula. Anakhala pamwala kwa kanthawi, beseni lili pamiyendo. Kenaka anaimirira n'kuitana.

"Alamu, tatsikani kuno."

"Mwagwira ng'ona?"

"Ndadumpha malire. Ndatenga beseni limodzi pansi pa katope. Dothili ndi lanu, ndiye muyenera kudziwa chimene chili pansi pa mpiru wanu."

Mayiyo anaika keni pansi n'kutsika. Anayang'ana kamphako kaja, kenaka mlamu wake. Analandira beseni.

Golide anali asanatsukepo, koma mpunga anayamba kutsuka ali kamtsikana. Mpunga wa kumsika umabwera ndi timiyala, ndipo mayi aliyense amadziwa kuuzunguza m'madzi kuti mpunga utsetserekere mumphika, timiyala titsale pansi. Manja ake anachita zomwezo. Anapendeketsa beseni, nazunguza, natsanula, mpaka mchenga wakuda unayalana ngati nsalu, ndipo m'mphepete mwake munatsala mzere wachikasu ukuwala padzuwa.

Anauyang'ana nthawi yaitali. Anakumbukira denga lake lodontha. Anakumbukira msana wake umene unkawawa madzulo aliwonse chifukwa cha keni.

"Koma n'zokongola," anatero motsitsa mawu. "Tsopano ndamvetsa chimene chimakuviikani m'madzi." Kanali koyamba kulankhula za beseni lija osaseka. Kenaka anafunsa, "Alipo wina waona?"

"Palibe."

"Mng'ono wanga?"

"Sindinamuuze."

"Mukaziika m'kabotolo adzaziona. Akadzaziona adzauza mnzake mmodzi yekha wa kukwaya. Mnzakeyo nayenso ali naye mmodzi yekha wake."

"Ndizibisa, alamu."

"Muzibisa ku maso a anthu. Nanga anuwo? Nanga angawa? Mmene ndaoneramu, mawa ndikamathirira ndidzakhala ndikuganiza za khasu."

Atanena zimenezi analowa m'madzi mpaka padziwe lakuya, napidigula beseni, n'kulitsukuluza kawiri. Analibweza kwa mwini wake lili loyera.

"Kwathu kuno," anatero, "chotsala pansi pa beseni timataya."

Kalipentalayo analandira beseni lake n'kuliyang'ana mkati. Sanakweze mawu.

"Mukanandifunsa, alamu."

"Ndikanakufunsani mukanakana."

"Mwina ndikanakana. Mwinanso ndikanataya ndekha. Ndinakuitanani ndine. Tsopano sitidzadziwa."

Mayiyo anabwerera pansi pa katope. Anawerama n'kutola mwala, nakauika m'kamphako kaja. Mwamunayo anatola wina. Anatseka kamphakoko pamodzi, nazikapo nsenjere.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera yamphamvu, ndipo gombe linapirira. Dimba lilipo, madzi a kamtsinje ndi oyera, ndipo m'mudzimo palibe wina amene akudziwa chimene chili pansi pa katope. Kalipentala uja amapitabe kumadzi Loweruka, koma amatsukira kumtunda, kumene kulibe kanthu kwenikweni. Mlamu wake akamuona akudutsa ndi beseni amafuula kuti, "Alamu, lero nsomba zingati?" Iye amaima, n'kuvula chipewa, n'kuyankha kuti, "Zikomo, mayi, mwaswera bwanji?" Mondokwa woyamba akakhwima mayiyo amamutumizira wonona kwambiri. Iye amadya, n'kuthokoza bwino lomwe, monga athokozera mlendo.

Inu amene mwamva fanizoli, musafulumire kusankha mbali. Mayi uja sanalakwe pa chimene anataya. Anali ataona mtsinje wakufa ndi maso ake, ndipo anadziwa kuti chinthu chotere sichibisika, ngakhale kwa mwini mtima. Ana ake akudyabe, ndipo amayi a mudzi wonse akutunga madzi oyera osadziwa amene anawasungira. Mwamuna ujanso sanali wosalakwa. Anadumpha malire amene anavomera yekha. Koma anabwera ndi beseni lake poyera pamene akanatha kulibisa, ndipo munthu wotere sanali mlamba.

Beseni la mpunga ndi la golide ndi limodzi, kazunguzidwe kake n'kamodzimodzi. Kusiyana kuli pa chimene mwini manja akuchiyesa chotaya. Pabanja, pantchito kapena pampingo, lidzafika tsiku limene wina adzakubweretserani chinthu chimene inu mukuona bwino lomwe kuti chiyenera kutayidwa, ndipo mwina mudzakhala mukuona zoona. Musanapidigule, kumbukirani manja amene achibweretsa, ndi chimene munthuyo wadzimana kuti akuonetseni. Mufunseni, ndipo mudikire yankho lake ngakhale mukuopa kuti akana. Akakana mudzakambirana, mwinanso kukangana, koma mudzakhala mukukangana ndi m'bale. Mayi uja anasunga gombe lake ndi miyala ndi nsenjere. Mpaka lero akufunabe choti atsekere kamphako kamene kanatsala pakati pa iye ndi mlamu wake.