Wometa Amene Anapinda Lumo Lake

M'zaka za m'ma 1800, mumzinda wina waukulu wa ku Amereka munali bambo wina wometa anthu. Kanyumba kake kometeramo kanali m'dera la amphawi, kumene anthu ankamwa madzi a m'zitsime zauve. Chaka china kolera inamulanda mwana wake wamkazi.

Itakwana nthawi yosankha meya wa mzindawo, mmodzi mwa opikisana analonjeza kubweretsa madzi a m'mipopi m'deralo. Wometayo anamukonda ndi mtima wonse. Aliyense wokhala pampando wake ankauzidwa kuti, "Mukavotere ameneyu, ana athu aleke kufa."

Masiku amenewo kunalibe zitupa za zithunzi. Oyang'anira chisankho ankangoona nkhope ya munthu. Ndiye m'mawa wa tsiku lovota, anthu a chipani cha wolonjeza madzi uja anafika pakhomo pa wometayo ndi gulu la amuna andevu.

"Awa avota kale," anatero mtsogoleri wawo. "Muwamete ndevu za m'masaya kuti asazindikirike, akavotenso. Akabwerako muwachotse za kuchibwano, apitenso. A mbali inayo akuchita zomwezi. Kapena madziwo simukuwafuna?"

Wometayo anali ndi lumo m'manja. Panalibe amene ankafuna madziwo kuposa iye. Anakumbukira mwana wake, mtima unamuwawa. Kenako anapinda lumo lija n'kuliika m'thumba.

"Madzi ndikuwafuna, bambo," anatero. "Koma munthu mmodzi, voti imodzi. Anthu awa sindiwameta lero."

Anamutukwana, namuswera galasi la pawindo. Iye anatseka chitseko, nakaima pamzere ngati wina aliyense, navota kamodzi.

Munthu wake anagonja. Anansi anamulozera chala, ena mpaka kunena kuti wagulitsa ana awo. Pampando wake panatuwa fumbi. Iye sanadziikire kumbuyo. M'mawa uliwonse ankasonkha moto pa mbaula imene ankatenthetsera madzi ometera, n'kumawiritsa madzi akumwa, n'kumagawira amayi a mumsewu wake, ngakhale akazi a anthu amene anamutukwana aja.

Abale anga, woyesa sabwera kawirikawiri atanyamula choipa poyera. Amabwera ndi chinthu chabwino, chomwecho chimene mwakhala mukuchilirira m'mapemphero, n'kunena kuti, "Ungonama pang'ono, uchipeza." Bambo uja sanalandire mphotho yooneka ndi maso, ndipo n'chifukwa chake ndimamupatsa ulemu. Sanakane chinyengo poyembekeza kupambana. Anachikana chifukwa ndi chinyengo, ndipo atakana sanapinde manja, anachita chabwino chimene akanatha.

Chimene mukufunacho chingakhale choyera chotani, musachitenge ndi manja akuda. Mulungu safuna bodza lanu kuti agwire ntchito yake.