Mbale Imodzi pa Sadaka ya Shafi

Che Jaffalie ankasoka ukonde pakhonde pawo ku Nkopola pamene galimoto yoyera inaima pampanda. Chimwalirireni mwana wawo Shafi, yemwe anagendedwa mwala m'mutu pochokera kumsonkhano wa chipani, mkuluyu anasiya kulowa m'nyanja. Chimene ankadikira chinali chimodzi: tsiku la mlandu. Woganiziridwa anali Rabson, mnyamata wa chipani china, amene anatuluka pabelo.

M'galimotomo munatsika bambo wa tayi, dzina lake Mayankho. Anavula nsapato asanaponde mkeka, napepesa maliro ndi mawu oterera ngati mlamba.

"Bambo, ku Nyumba ya Malamulo kukupita bilu yothetsa udani wa zipani," anatero. "Ikadutsa, dera lililonse lidzakhala ndi bwalo loti anthu a mbali zonse azikumana ndi kugwirira limodzi ntchito zachitukuko. Tikufuna aphungu aone chitsanzo. Tiloleni tibweretse zipani zonse ziwiri pa sadaka ya Shafi. Mpunga ndi mbuzi n'zathu."

Mlendoyo atachoka, Zena, mlongo wake wa malemuyo, anasiya kutembenuza usipa pathandala.

"Ababa, anthu amenewa pamaliro munawaona? Ngakhale chikho cha madzi sanatunge. Lero chikondi chachokera kuti?"

"Pa sadaka sabweza munthu, mwanangu. Mwina Rabson akadzamva pemphero la duwa mtima udzamutsutsa, n'kuulula pamaso pa anthu."

"Msodzi saponya nyambo chifukwa chomvera nsomba chisoni, ababa."

"Basi, iwe! Ndavomera kale."

Tsiku la sadaka kunafika malole awiri, lililonse ndi nsalu za mtundu wake. Shehe asanamalize duwa, chimkuzamawu chinali chitayamba kale kulira. Akuluakulu analankhula mosinthana za umodzi, za mtendere, za bilu. Shafi ankangomutcha "mnyamata uja".

Chakudya chitafika, amuna anakhala m'magulu kuzungulira mbale zazikulu monga mwa mwambo. Apa Mayankho anagwira Rabson padzanja n'kumukhazika pafupi ndi Che Jaffalie. Mwini sadaka sathamangitsa mlendo pambale, ndipo mudzi wonse unali kupenya. Mkuluyu anayang'ana dzanja lija, limene mumtima mwawo ankati ndilo linatola mwala, likupisa mumpunga wa mwana wawo. Anameza ngati akumeza mchenga, akudikira mawu opepesa. Makamera anathwanima.

"Nyamayi yapsa bwino," anatero Rabson. Anapisanso m'mbale.

Posakhalitsa chithunzicho chinali m'manyuzipepala ndi pamitengo ya m'misika, kuyambira ku Makokola mpaka ku Chembe, pansi pake atalemba kuti Mangochi yakhululukirana.

Mlandu utayandikira, Che Jaffalie anapita kudoko kukakumbutsa asodzi awiri amene anaona Shafi akugendedwa. Anawapeza akumata bwato.

"Pepani, Che Jaffalie," anatero wamkulu wa awiriwo, maso ali paphula. "Eni akenu mwadya naye mbale imodzi, dziko lonse laona. Ndiye ife tikamuloze chala kukhoti kuti titani? Nafe tili ndi ana."

"Sindinamukhululukire ine! Anachita kundikhazikira!"

"Ife tinaona mukudya."

Mboni zitasowa, mlandu unathera pompo. Foni ya Mayankho inasiya kugwira. Biluyo akuti ikadali m'manja mwa aphungu, ndipo mwina ndi yabwinodi, ndani akudziwa? Koma Rabson amadutsa pamsewu wa ku Nkopola panjinga yamoto, akuimba likhweru.

Zena sananene kuti ndinakuuzani. Anangong'amba chithunzi chimene anthu anamata pamtengo wa pafupi ndi mzikiti, kuti bambo ake asamachione popita kukaswali.

Anthu ena akabwera ndi mawu okoma, yambani mwasuzumira m'kati musanalume. Akale sananame: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.