Ngala Zakuda za pa Tsindwi

M'khitchini mwa Bambo Malata, pamwamba penipeni pa mafuwa, munkalendewera ngala za mapira zomangidwa ndi luzi, zakuda bii ndi mwaye. Dzina loti Malata anthu adawapatsa chifukwa chifolerereni nyumba yawo yaikulu, nkhani yawo inali ya malata basi, pamowa ndi pamaliro pomwe.

Mapira amenewo sanali wamba. Agogo a agogo awo adabwera nawo atawamanga pa kansanza, pamene mtundu wawo unkathawa chilala n'kudzakhala m'chigwamo. Anali aafupi, ofiira, osachedwa kucha, ndipo dzuwa likang'amba nthaka ankangopinda masamba n'kudikira mvula. Utsi wa pamoto ndi umene unkawateteza kwa anankafumbwe. M'banjamo mwana wamkazi akamakwatiwa ankamutapira mbewuyo yodzaza manja awiri kuti akabzale komwe akupita. Mayi awo a Malata atamwalira, amene adapitiriza kusunga mbewu ndi mkazi wawo, munthu wochita kubwera m'banjamo. Anansi adaleka kalekale kulima mapirawo, poti ankati tikadzawafuna tidzapempha kwa a Malata.

Tsono mwana wawo wamkazi wotsiriza adapeza banja. A Malata atamva kuti akuchimuna abwera kudzaona pakhomo, adayang'ana denga la udzu la khitchini ija, manyazi n'kuwagwira. Adagula malata, adaitana mmisiri.

M'mawa wa tsiku losasula dengalo mkazi wawo ankapita kuchigayo ndi mapira otsiriza a m'nkhokwe, kukonzekera phwando la ukwati. Asananyamuke adati, "Abambo, denga sasulani, koma ngala zija mundiikire m'thumba. Mbewu yatsala ndi yomweyo."

"Nyansi zimene zija? Alendo adzati pano timadya mwaye."

"Ndi mbewu ya amayi anu."

"Amayi adapita ndi nthawi yawo. Mbewu masiku ano ili mbwee m'masitolo."

Mayiwo adaganiza kuti n'zongolankhula. Koma ayi ndithu! Udzu utasasulidwa, a Malata adadula luzi ndi chikwanje, adanyamula ngala zija ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kuziponya kuseri kwa khola. Mmisiri adafunsa ali pamwamba ngati amayi akudziwa. Iwo adamuuza kuti adamuitanira misomali, osati milandu ya m'banja. Nkhuku zidathamangira kuseriko, ndipo dzuwa lisanafike pamutu zinali zitamaliza.

Mkazi wawo atabwera adatula ufa, adakweza maso m'khitchini, ndipo adangoona malata ali ngwee. Atamva komwe ngala zidapita, adakagwada m'fumbi la kuseri kwa khola n'kumapapasa ndi manja. Adapeza mankhusu okhaokha.

"Kalanga ine! Mwadyetsa nkhuku amayi anu!"

A Malata adaseka. "Si nkhuku zomwezo tidzaphere alendo? Palibe chatayika apa."

Munthu wamkulu, wa imvi zake, kuseka zoterozo! Zoti mbewu imene idapulumuka njala zingapo, idapulumuka anankafumbwe ndi makoswe, ikathere m'mimba mwa tambala chifukwa cha manyazi a tsiku limodzi, zimapsetsa mtima ngakhale kuzifotokoza kokha. Ndipo akuchimunawo atabwera adakhala pakhonde la nyumba yaikulu, adadya, adatsanzika. M'khitchinimo sadasuzumiremo n'komwe.

Tsiku lopita kubanja, mtsikana uja adagwada pamaso pa mayi ake atatambasula mpango, monga adachitira akulu ake. Mayiwo adangozolika. Bambo ake adathamangira m'nyumba, adatuluka ndi paketi ya chimanga cha m'sitolo, n'kuiika pampangopo. Mwanayo adathokoza, poti anali waulemu, koma adayang'ana mayi ake nthawi yaitali.

Mvula ya chaka chimenecho idayamba bwino, anthu adabzala, chimanga chidafika m'mawondo. Kenaka kumwamba kudayera mbee. Masamba adapotana, adayamba kuthetheka ukawagwira. Akuluakulu adati ikagwanso ingathandize mbewu yosachedwa kucha yokha, ndipo anansi adayamba kufika pakhomo pa a Malata ndi timbale m'manja. Mkazi wawo ankangoloza khola.

A Malata kuseka kudawathera. Adakwera njinga kupita kwa ana awo aakazi akuluakulu. Wina adati adaleka kulima mapirawo chifukwa cha mbalame, wina adati mbewu yake idafumbwa. Adapita kwa msuweni wawo kutsidya kwa mtsinje, yemwe adawayang'ana modabwa.

"Inu mukupempha kwa ife? Tonsefe timadalira tsindwi lanu lija."

Adabwerera thumba lili pepuu. Atafika pakhomo adapeza mwana wawo wotsiriza atakhala pakhomo la khitchini, ali ndi pakati, mapazi ali fumbi lokhalokha. Mwanayo adagwada, adamasula mpango womwe uja n'kuutambasula pansi.

"Ababa, chimanga munandipatsa chija chapserera. Apongozi anga akuti anamva kuti kwathu kuno kuli mapira osaopa dzuwa, ndipo ine ndinawauza kuti n'zoona. Ndabwerera gawo langa."

A Malata adakweza maso m'khitchini muja. Malata anali akuthetheka ndi dzuwa, oyera bwino, opanda mwaye ngakhale pang'ono.

Mkazi wawo adawerama, adatola mpango uja, adaupinda bwinobwino n'kuuika m'manja mwa mwamuna wawo.

"Muyankheni mwana," adatero. "Kapena mumuperekeze kuseri kwa khola."

Mtsikanayo adabwerera kwa apongozi ake chimanjamanja, ndipo mapira ofiira aja sadamerenso m'chigwamo. Akuluakulu sadaname: madzi akatayika sawoleka.