Malata Ofiira a Gologolo

Kalelo, nyama zikadali kukongozana zinthu ngati anthu, pamudzi wina wa m'mphepete mwa dambo panali akamwini awiri, Gologolo ndi Fulu. Anakwatira banja limodzi: Gologolo anatenga Nakwenda, Fulu n'kutenga mng'ono wake wa Nakwenda. Nyumba zawo zinali zoyang'anizana, ndipo vuto linagona pomwepo, chifukwa Gologolo sankatha kuona chabwino cha mnzake mtima osamuwawa.

Chaka china Fulu anakhoma malata. Dzinja litafika, denga la Gologolo linayamba kudontha ngati sefa, pakuti nthawi imene anzake ankamweta udzu iye anali pabawo. Tsiku lina mvula ikugwa, Nakwenda ankasuntha mbiya uku ndi uku kuti ilandire madontho. Kenaka anaima pakhomo n'kutchera khutu.

"Tamverani mmene mvula ikuimbira kwa a Fulu," anatero.

Anangonena basi, koma mawuwo anamubaya Gologolo ngati munga wa mthethe. Nsanje inamugwira. Fulu, woti anabadwa ndi denga pamsana, afuniranji denga lachiwiri? Mvula itasiya, Gologolo anapita kukamuona Fulu akumwetulira ndi mano okha.

"Mkamwini mnzanga, chumachi mwatola kuti? Tiuzeniko, nafe tikatoleko."

"Palibe chotola, achimwene," anayankha Fulu. "Ndi bowa ndi therere zomwe mumandiseka nazo pamsika zija. Ndikapeza pang'ono ndinkagula lata limodzi n'kulisunga kuseri. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

"Zimenezo ndi nzeru za amiyendo yaifupi," anatero Gologolo. "Olemera a dziko lino sadikira, amadya lero za mawa. Muona. Mvula ya chaka chamawa idzaimba panyumba yanga, yanuyi idzangomveka ngati chitini chobooka."

Kuseri kwa nyumba ya Nakwenda kunali msuku waukulu, umene amayi ake anausiya osaudula pamene ankatsegula malowo. Masuku ake ndiwo ankapulumutsa ana m'miyezi ya njala, nkhokwe zikatha. Gologolo anauyang'ana mtengowo, mchira wake n'kuyamba kugwedezeka. Ndipo mchira wa Gologolo ukagwedezeka, dziwani kuti wina alira.

Masika atadutsa, anapita kwa Mvuu, mwini sitolo ya malata ndi simenti pamsika.

"Bwana, ndangoima kupereka moni. Ndikupita kwa a Kambuku. Akhala akundivutitsa kuti ndiwapatse msuku wanga uja ngati chikole, andikongoze ndalama za malata."

Mvuu ankaudziwa mtengowo, ndipo mumtima anali ataucheka kale matabwa. Kumva kuti ugwera m'manja mwa Kambuku, amene ankapikisana naye pachuma, kunamuwawa kuposa dzino lobooka.

"Kambuku amadziwa chiyani za matabwa?" anatero Mvuu. "Tenga malata pompano. Masuku akadzapsa udzandilipire, ndi kapamwamba pang'ono. Ukadzalephera, mtengo ndi wanga."

"Mwandiumiriza, bwana," anatero Gologolo atagwetsa nkhope, "koma wamkulu sakanidwa."

Koma malata sadzikhoma okha. Pankafunika misomali, mitengo ya denga ndi mmisiri. Choncho Gologolo anapitadi kwa Kambuku, mkulu wa katapila, amene anamupeza pamthunzi akunyambita dzanja.

"Ukatenga imodzi, ubweza ziwiri," anatero Kambuku mofatsa. Akatapila onse amalankhula mofatsa tsiku loyamba.

"Achikulire, ndalama si mbuzi. Ibereka bwanji ili m'thumba mwanga?"

"Imabereka ndi changu chako. Iwe ukufuna lero, ine ndikhoza kudikira. Kudikirako n'komwe ndimagulitsa. Kodi ndinakuitana?"

"Simunandiitane," anavomera Gologolo. "Basi, ndibwerere kwa a Mvuu. Iwo aja ati andipatsa chilichonse bola msuku uja ukhale chikole chawo. Ati inu simungaukwanitse."

Kambuku anasiya kunyambita dzanja. Zikhadabo zinatuluka zokha.

"Wanena choncho Mvuu? Tenga ndalamazi. Masuku akadzapsa, ziwiri pa imodzi, apo ayi mtengo ndi wanga."

Sabata isanathe malata anali pamwamba, akuwala waliwali. Nakwenda anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwamuna wake.

"Bambo, malatawa achokera kuti?"

"Za amuna zimenezo. Iwe ungodikira mvula, umve nyimbo."

Nakwenda sanafunsenso. Gologolo anakondwa masiku awiri okha. Tsiku lachitatu amayi ena odutsa pamsewu anaima n'kunena kuti, "Akamwini a pano ndi olimbikira, taonani nyumba zawo zofanana." Zofanana! Mavuto onse aja kuti angofanana ndi Fulu? Nsanje ndi chilonda choti ukachikanda chimakula, ndipo cha Gologolo chinali chitafika pafupa.

Anathamangira kwa Nyani, venda amene ankagula zipatso zikadali zaziwisi mumtengo pamtengo wozizira, n'kudzazigulitsa kutauni zikapsa.

"Achimwene, ndabwera kudzakutsanzikani pa nkhani ya masuku. Chaka chino a Mvuu ati agula onse. Ati malonda a zipatso mwawadyerera nokha kokwanira."

"Mvuu alowe malonda anga?" anatero Nyani maso ali psuu. "Ndigula ine lero lomwe, mtengo wonse, kuyambira nthambi ya pansi mpaka kunsonga."

Ndalama zimene Nyani anapereka zinali zochepa moti zinangokwana chitini cha penti wofiira. Kodi Gologolo anaganizako zokapereka pang'ono kwa Kambuku kuti ngongole ichepe? Ayi ndithu. Anakwera padenga n'kulipaka lonse, n'kutsika iye mwini atafiira mpaka kumchira. Madzulo aliwonse ankakhala pakhonde mwendo pamwamba pa unzake, akumupatsa Fulu moni mokweza kuti atukule mutu aone dengalo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mitambo itayamba kusonkhana, masuku anapsa, fungo lake n'kufika mpaka kumsika. M'mawa umodzi onse atatu anatulukira: Nyani ndi madengu, Mvuu ndi nkhwangwa, Kambuku ndi zikhadabo zake basi. Gologolo atawaona patali, anakwera msukuwo mpaka kunsonga.

"Ndabwera kudzathyola masuku anga," anatero Nyani.

"Thyola msanga, ndikufuna kudula mtengo wanga," anatero Mvuu.

"Wako?" anafunsa Kambuku mofatsa kwambiri.

"Akuluakulu," anaitana Gologolo ali m'mwamba, "ine ndine wamng'ono, sindingaweruze pakati panu. A Kambuku, si a Mvuu awa ankati simungaukwanitse? A Nyani, si omwewa ankafuna kukulandani malonda? Gwirizanani nokha, ine ndipereka kwa wopambana."

Panabuka fumbi. Mvuu anaponda madengu a Nyani n'kuwaphwanya, Nyani analuma mchira wa Kambuku, Kambuku anakanda mphuno ya Mvuu. Gologolo ankangodya masuku m'mwambamo n'kumawaponyera nthangala. Koma Nyani, amene anazolowera kubera anthu pasikelo, sachedwa kununkhiza wakuba mnzake. Anadumphira pambali.

"Taimani. Aliyense anene chimene anapereka, ndi chimene analonjezedwa."

Onse ananena zawo. Mitu itatu inatukuka pamodzi kuyang'ana kunsonga. Mvuu anatola nkhwangwa n'kuigunditsa patsinde, mtengo wonse n'kunjenjemera. Apa n'kuti mudzi wonse utasonkhana, ndipo Nakwenda anali ataima pakhomo pake, ana atamugwira chitenje.

"Anthu inu, ndiweruzeni," anafuula Gologolo. "Awa sanandikongoze chifukwa chondimvera chisoni. Aliyense ankapemphera kuti ndilephere, atenge mtengo. Wina akuti ziwiri pa imodzi, wina akugula masuku a chaka chonse ndi chitini cha penti. Wakuba ndani pamenepa?"

"Popanda ife okongoza, ndani akanagona m'malata m'dziko muno?" anabangula Mvuu. "Tikakana mumati ndife ouma mtima, tikapereka mumati ndife akuba."

"Anabwera ndi miyendo yake," anatero Kambuku.

Anthu anagawikana. Amene analawapo katapila ankati Gologolo akunena zoona, amene anakongozapo mnansi osabwezeredwa ankati wokongola abweze. Wina anafunsa Fulu maganizo ake.

"Katapila ndi diwa, zimenezo sindikana," anatero Fulu pang'onopang'ono. "Koma diwa silitsata mbewa kuuna. Mbewa ndi imene imatsata chiponde."

Gologolo anakukuta mano. Ngakhale pamlandu, Fulu yemweyo ndiye atamandidwe? Mvuu anakweza nkhwangwa kachiwiri, ndipo apa Gologolo anatulutsa chimene anabisa kuyambira tsiku loyamba.

"Dulani, bwana, koma muyambe mwafunsa kuti mtengowu ndi wa yani. Ine pano ndine mkamwini. Ndinabwera ndi bulangete ndi khasu. Dothi ili si langa, mtengo uwu si wanga, nyumba iyo si yanga. Pamudzi pano ndilibe changa ngakhale chimodzi. Munalandira chikole kwa mlendo, osafunsa eni mbumba. A Fulu, ndikunama?"

"Sakunama," anatero Fulu. "Ife akamwini tilibe mtengo pano."

Nkhwangwa inatsika yokha. Atatu aja ankaudziwa bwino mwambowo, koma dyera ndi kupikisana zinawatseka maso, aliyense pothamangira kuti mnzake asamutsogolere. Mvuu anatembenukira kudenga lofiira lija.

"Ndiye ndizula malata anga."

Apa Nakwenda analankhula koyamba, osakweza mawu.

"Bwana, munapangana za mtengo, simunapangane za denga. Ndipo ine simunandifunse kanthu. Pakhomo pano palibe amene anakongola kwa inu kupatula amene ali m'mwambayo. Ngongole yanu mukaitsate kumene iye ali, koma osati pabwalo la mayi anga."

Mudzi wonse unavomereza. Atatu aja anachoka akung'ung'udza, koma sanapite kutali. Anakakhala pamphambano, pamene njira ya m'mudzimo imakumana ndi msewu, Kambuku n'kuyambiranso kunyambita dzanja.

Gologolo anatsika akuseka mpaka misozi. Anavina pabwalo, anazungulira Fulu, anagwedeza mchira pamaso pa aliyense.

"Mwaona, mkamwini mnzanga? Inu zaka zonse zija ndi bowa, ine chaka chimodzi ndi mutu wokha. Nakwenda, tsegula, mvula ikubwera. Lero umva nyimbo."

Atafika pakhomo anapeza bulangete lake litakulungidwa bwinobwino, khasu lili pamwamba. Nakwenda anali ataima pakati pa chitseko.

"Izi ndiye chiyani?"

"Katundu wanu, bambo. Mwanena nokha pamaso pa mudzi wonse kuti pano mulibe chanu ngakhale chimodzi. Ndafufuza m'nyumba monse, ndapeza kuti simunaname."

"Iwe, amene aja anali mawu a pamlandu chabe. Si ine ndakupezera malata?"

"Ndinakupemphani malata ine? Ndinkafuna udzu wokha, kuti ana asagone m'madzi. Inu munatenga mtengo umene umadyetsa anawa mwezi wa njala n'kuugulitsa katatu, kuti a Fulu akuoneni. Lero nkhwangwa inafika patsinde pake. Mwamuna amene angagulitse msuku wa mayi anga chifukwa cha penti, mawa adzagulitsa chiyani?"

Gologolo anayang'ana kwa Fulu kuti amulankhulireko, koma Fulu anali atabweza mutu m'chigoba. Anayang'ana kunjira, n'kuona mchira wa Kambuku ukugwedezeka pamphambano. Chitseko chinatsekedwa. Bulangete ndi khasu sakanatha kukwera nazo mumtengo, choncho anazisiya pomwepo, n'kudumpha nthambi ndi nthambi mpaka kunkhalango ya kuseri kwa mudzi.

Ali pamenepo mvula yoyamba inagwa. Inayamba ndi madontho akuluakulu, kenaka inakhuthuka, ndipo malata ofiira aja anaimba nyimbo imene Gologolo anailakalaka chaka chonse. Ana ake ankamveka akuseka m'katimo, ouma bwinobwino. Iye anali panthambi, madzi akuyenderera m'makutu. Anakoka mchira wake n'kuupinda pamwamba pa mutu, poti ndilo denga lokhalo limene sanakongole kwa munthu.

Anatchera khutu kumudzi, akunjenjemera, n'kudziuza yekha kuti, "Komabe akumveka bwino kuposa a Fulu."

Mpaka lero gologolo amayenda mchira uli pamsana, ndipo akatsika pansi sachedwa, amangoyang'ana uku ndi uku n'kubwerera mumtengo. Musamuseke kwambiri. Ngongole ija ikadali kubereka.