A Sajeni ndi Galu Woopa Makombola

Pakhomo pa a Sajeni panali galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, dzina lake Chiphaliwali. A Sajeniwo sanakhalepo msilikali. Anali mkulu wa alonda pa sitolo ya matayala, koma chifukwa choyenda motukula chifuwa, dzinalo linawakanirira mpaka atapuma pa ntchito. Galuyo ankamunyadira kuposa ndevu zawo. Akauwa, wowerenga mita ya madzi ankangoima kumsewu n'kulemba za m'mutu mwake.

Koma Chiphaliwali anali ndi chilema chimodzi. Akangomva makombola, ukali wonse unkathawira kumchira. Ankanjenjemera ngati wadwala malungo, n'kumakanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi.

Tsiku lina aneba anabwera kudzanena kuti mwana wawo wamkazi akukwatiwa pakatha milungu itatu, ndipo madyerero akatha adzaphulitsa makombola pabwalo. Diresi la mkwatibwi analipereka kwa akazi a a Sajeni, omwe anali telala. Mayiwo, podera nkhawa galu, anaitana mng'ono wawo amene ankagwira ntchito kuchipatala cha ziweto.

"Alamu, mantha a galu sathera tsiku limodzi," anatero mng'onoyo kwa a Sajeni. "Muzimuyikira phokoso la makombola pafoni, motsitsa kwambiri, uku mukumupatsa kanyama. Mawa mukweze pang'ono. Mumukonzerenso pobisala, pamdima, pofunda. Ndipo akaopa musamukalipire."

A Sajeni anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndaphunzitsa alonda makumi anayi, alamu. Wamantha ndinkamuika pageti lakumbuyo usiku umodzi, m'mawa ali mwamuna. Galu wanga azimvera nyimbo pafoni ngati mtsikana?"

"Bambo, mverani anthu odziwa," anatero akazi awo, ulusi uli kukamwa.

"Inu sokani diresi. Za galu zisiyeni kwa ife."

Loweruka masana anagula katoni yathunthu ya makombola. Anatulutsa galu kuseri kwa nyumba, ndipo kuti asathawe, anamangirira chingwe chake ku lamba wa buluku lawo. Mfundo yake inali ya katswiri.

"Chiphaliwali, khala pansi! Yang'ana kuno!"

Galuyo anakhala, akugwedeza mchira, poyesa kuti kukubwera fupa. A Sajeni anakhwatcha machesi, kuyatsa kombola limodzi, n'kuponya kamtengo ka machesi kumbuyo osayang'ana komwe kagwera.

Phuu!

Chiphaliwali sanafunse njira. A Sajeni anangoona thambo likudutsa pansi pa mapazi awo. Galuyo anawakwekwereza m'bedi la maluwa, kudutsa pamatope a pampopi, kulowa nawo kukhitchini chagada. Pakhomo la chipinda chosokera lamba anaduka, buluku linatsala pomwepo, galu n'kudumphira patebulo pomwe anayalapo diresi loyera, n'kutsetsereka nalo kupita kunsi kwa bedi.

A Sajeni anadzuka ndi kabudula wamkati yekha, akufunafuna ulemu wawo. Asanatsegule pakamwa, kunja kunayamba nkhondo. Kamtengo kaja kanali katagwera m'katoni. Makombola onse anayamba kuphulika nthawi imodzi, ena akuuluka cham'mbali, lina linalowera pawindo n'kumalizira ukali wake mubafa. Mphunzitsi wa alonda makumi anayi sanaganize kawiri. Analowa kunsi kwa bedi, nakankha galu kuti asendere.

Phokoso litatha, akazi awo anagwada n'kusuzumira. Anaona maso anayi, ndipo sanathe kusiyanitsa amene ankanjenjemera kwambiri.

"Nanga wophunzira ndi uti apa?" anafunsa.

Koma atakoka diresi lija, nthabwala zinatha. Linali ndi mapazi a matope kuyambira pachifuwa mpaka pansi, nsalu yakumbuyo itang'ambika ngati mbendera yakale. Mayiwo anakhala pampando n'kugwira tsaya, misozi ili lengelenge. Pa zaka zonse za ukwati wawo, a Sajeni anali asanaonepo misozi m'maso mwa akazi awo, ndipo misoziyo inawapweteka kuposa msana wosupuka. Anapita okha kwa aneba kukapepesa, chipewa chili m'manja, ndipo masiku asanu anakhala akutungira singano ndi kugwirira nsalu, mayi akusoka mbali yonse yakumbuyo kachiwiri.

Galu naye zinamuipira. Tsopano ankaopa chivundikiro cha poto chikagwa, ankaopa munthu akayetsemula, ndipo akaona mbuye wake wagwira machesi ankadzikodzera. Masiku awiri anakana kudya.

"Alamu," anatero a Sajeni pafoni, mawu atawatsitsa, "kaphokoso munkanena kaja, kamapezeka pati?"

Anayala mabulangete akale kunsi kwa tebulo lodyera, kuliphimba ndi chinsalu chokhuthala. Tsiku lililonse ankakhala pansi pambali pake, foni ikulira motsitsa ngati chimanga chophulika patali, iwo akudula nyama tizidutswatizidutswa. Tsiku loyamba galu sanatulutse ngakhale mphuno. Tsiku lachinayi ananyambita dzanja. Mlungu utatha, ankadya foni ikulira, khutu limodzi lili njo.

Tsiku la ukwati, mkwatibwi anavala diresi lake ndipo palibe anazindikira kanthu. A Sajeni sanadikire madyerero. Anabwerera msanga, kutseka mawindo, kukoka makatani, kutsegula wailesi, n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo. Makombola atayamba, Chiphaliwali ananjenjemera ndithu, koma sanakande chitseko. Anatsamiritsa mutu wake waukuluwo pamwendo pa mbuye wake, kenaka pang'onopang'ono anakoka fupa n'kuyamba kulikukuta.

Mlamu wawo atalowa kudzaona mmene zikuyendera, a Sajeni anamukwezera chala kuti asasokose.

"Sanachiretu, alamu," ananong'ona, "koma taonani, akudya."

Ndipo anapitiriza kumusisita galuyo pakhosi, mosafulumira, pakuti anali atadziwa tsopano, ndi msana womwe, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.