Chikho cha Mbewu ya Tirigu

Kalekale, kudziko lina la mapiri ozizira, kunali mayi wina dzina lake Nangozo. Anthu akumeneko ankadalira tirigu wa maso olimba, koma chiwawu chinkamupsereza chaka ndi chaka, masamba kufiira ngati dzimbiri. Malume ake a Nangozo anali ndi dimba limodzi losauma, ndipo analonjeza kulipereka kwa amene adzapulumutse tirigu mwa ana atatu a mlongo wawo: Lapukeni, Zakeyu ndi Nangozoyo.

Lapukeni, wamkulu, anaona udzu wofanana ndi tirigu pamwamba pa phiri. Unali wa ngala zaminga, mbuzi zomwe zinkaukana, koma chiwawu sichinkaukhudza. Anati ameneyu ndi msuweni wa tirigu wokulira kutchire. Potsika nawo anaterereka pathanthwe n'kuthyoka mwendo. Nangozo anamumanga mwendo ndi luzi, koma unapola chokhota.

Zakeyu anadzala udzuwo pambali pa tirigu. M'mawa uliwonse Nangozo ankamuona atawerama, akutsegula maluwa a tirigu ndi munga, kuchotsa timbali tatimuna, n'kuwazamo mungu wa udzu uja. Ngala zambiri zinkatuluka zopanda kanthu. Zina zinkamwaza mbewu pansi zisanakololedwe, monga uchitira udzu, iye n'kuzikwatitsanso ndi tirigu. Panapita zaka zisanu ndi ziwiri. Maso ake anachita khungu, ndipo mkazi wake anachoka, ati sangakhale pamitala ndi udzu. Pomaliza anapeza mbewu yodzaza chikho chimodzi.

Chaka chomwecho kunagwa chilala. Amuna awiriwo anapita kutali kukafuna ganyu. Mbewu anaisakaniza ndi phulusa, kumata chikho ndi dothi, n'kumusiyira Nangozo. Iye anali ndi mwana mmodzi, Tinyade, wa zaka zitatu. Anadya zikhawo za nthochi mpaka nazonso zinatha. Tsiku lina mwanayo anakwawira kuseri kwa mtsuko, n'kugwedeza chikho chija.

"Amayi, muli chakudya umu."

"Ndi miyala, mwanangu."

Nangozo ankadziwa kuti akanatsuka phulusalo, mukanatuluka phala la masiku anayi. Anakweza chikho kudenga, n'kutulutsa mtondo panja kuti asamauone. Tinyade anamwalira Lachiwiri. Lachisanu alongo ake a Nangozo anatulukira ndi thumba la makaka.

Mvula itabwera anadzala mbewu ija. Chiwawu chinapsereza minda yonse, koma wawo unangoti biriwiri.

Atakhala pansi kwa malume kukamba za dimba lija, Lapukeni anangotambasula mwendo wake wokhota. Zakeyu anati popanda munga wake, udzu uja bwenzi ukadali wokanidwa ndi mbuzi. Kenaka analoza Nangozo ndi mlomo.

"Nanga uyu, malume? Anangofungatira chikho ngati nkhuku. Wolephera kusunga mwana wake yemwe angasunge dimba?"

"Achimwene," anatero Nangozo, "ndikanaswa chikho chija, bwenzi lero mukunditcha mfiti yodya mbewu. Koma bwenzi mukunditukwana Tinyade ali kumsana kwanga."

Tirigu ameneyu anafalikira mapiri onse, koma Nangozo sanamulawepo.

Tsono inu mwamva mlanduwu, dimba lipite kwa yani: amene anapereka mwendo, amene anapereka maso, kapena amene anauza mwana wake wanjala kuti m'chikho muli miyala?